Momwe mungasankhire, kuyendera ndi kusunga parachuti kuno kwa chiperoni

Ambiri tikamva za parachuti timaganiza za asilikali a ku Senga Bay ku Salima. Koma kudumpha m'ndege ndi masewera omwe munthu wamba amaphunzira, ku South Africa kapena kwina, ndipo akalandira laisensi amatopa ndi kubwereka zida, n'kufuna zakezake. Zatsopano n'zodula kwambiri, choncho ambiri amagula za kaunjika. Akabwera nazo ku Mulanje kapena ku Thyolo, chikwamacho chimakhala miyezi chili m'nyumba kudikira ulendo wina, m'dera lomwe ngakhale nsapato zimachita chuku. Malangizo awa ndi a munthu amene waphunzira kale kudumpha. Salowa m'malo mwa mphunzitsi, ndiponso salowa m'malo mwa rigger, katswiri wokhala ndi chiphaso chokonzera ndi kupinda maparachuti.

Choyamba: dziwani kuti mukugula zinthu zinayi

Chimene chimaoneka ngati chikwama chimodzi chili ndi mbali zinayi, ndipo iliyonse ili ndi nambala yake ndi tsiku lake lopangidwa. Pali chikwama chenichenicho pamodzi ndi malamba ake, parachuti yaikulu yomwe mumatsegula ulendo uliwonse, parachuti yachiwiri yotchedwa rizevu, ndi kamakina ka AAD komwe kamadula chingwe chotsekera rizevu ngati mukugwabe mothamanga pafupi ndi pansi. Wogulitsa akupatseni manambala onse anayi ndi zithunzi za malebulo ake musanakambe za mtengo.

Chachiwiri: kukula kwa parachuti

Apa ndi pomwe anthu amadzipweteka, choncho tikhalapo pang'ono. Parachuti imayezedwa m'ma square feet, ndipo kulemera kwa munthu kumawerengedwa m'mapaundi. Dziyezeni pa sikelo, onjezerani kulemera kwa zida zonse, zomwe nthawi zambiri zimakhala makilogalamu 10 mpaka 13, kenako chulukitsani ndi 2.2. Munthu wa makilogalamu 75 atavala zida za makilogalamu 12 amakwana 87, omwe ndi mapaundi 191. Mukagawa 191 ndi kukula kwa parachuti ya 190 mupeza pafupifupi 1.0. Nambala imeneyi imatchedwa wing loading, ndipo kwa munthu amene wangolandira laisensi yoyamba isapitirire 1.0. Ya 210 ingamupatse 0.9, yomwe ndi yabwinoko.

Parachuti yaing'ono imapindika msanga, chikwama chake chimakhala bwino kumsana, ndipo pazithunzi imaoneka yachinyamata. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Yaing'onoyo imathamanga, imatsika mofulumira mukakhota, ndipo mukalakwitsa pafupi ndi pansi sikupatsani nthawi yokonza. Ngakhale munthu wochepa thupi asathamangire ya 150 kapena kucheperapo pongoona kuti masamu akulola, chifukwa zingwe zake n'zazifupi ndipo imamva msanga dzanja likangosuntha. Kumbukiraninso kuti pamalo okwera ndi otentha, monga madera ozungulira Johannesburg, mpweya ndi wopepuka ndipo parachuti yomweyo imatera mothamanga kuposa kugombe la nyanja ya mchere.

Rizevu isakhale yaing'ono kwambiri kuposa yaikulu. Tsiku lomwe mudzayifune mwina mudzakhala muli kale pafupi ndi pansi, mukutera pamunda wa eni, kapena mutavulala dzanja. Lebulo yake imanena kulemera komwe siyenera kupitirira. Werengani.

Chikwama nacho chimasokedwa molingana ndi thupi la munthu komanso kukula kwa maparachuti olowamo. Tumizani nambala yake kwa amene anachipanga, akuuzeni msinkhu womwe anasokera ndi maparachuti omwe chimalandira. Chokula chimasuntha m'mwamba, zogwirira n'kuchoka pomwe dzanja lazolowera. Chothina chimapweteka ntchafu.

Chachitatu: zaka za AAD ndi mbiri ya rizevu

AAD imatha ndi zaka ngakhale isanagwirepo ntchito. CYPRES 2 ya kampani ya Airtec ya ku Germany, ngati inapangidwa chisanafike chaka cha 2017, imakhala zaka 12 ndi theka, ndipo yopangidwa chisanafike 2016 imayenera kupita kokayezedwa ikakwana zaka 4 ndi 8. Zopangidwa kuyambira 2017 zimakhala zaka 15 ndi theka. Vigil ya ku Belgium imakhala zaka 20. Choncho AAD yotsika mtengo yomwe yatsala ndi chaka chimodzi si yotsika mtengo ayi. Gawani mtengo ndi zaka zotsala.

Mbiri ya rizevu ili pa kakhadi komwe kamakhala m'kathumba ka chikwama: tsiku lililonse lomwe inapindidwa, amene anapinda, ndi ngati inatsegulidwapo m'mwamba. Marizevu a Performance Designs ali ndi timabokosi pa lebulo tomwe rigger amachonga, ndipo ikapindidwa ka 40 kapena kutsegulidwa m'mwamba ka 25 imayenera kukayezedwa ngati nsalu yake ikugwirabe mpweya. Khadi likasowa, kapena pakakhala zaka zosalembedwa, funsani chifukwa chake.

Musalipire zida zisanaonedwe ndi rigger amene mwasankha inuyo, osati mnzake wa wogulitsa. Wogulitsa wokana zimenezi msiyeni.

Chachinayi: kuyendera parachuti yaikulu

Iyi mungayendere nokha. Yalani pamalo oyera, pamthunzi, kapena ipachikeni m'chipinda chachitali. Lowani m'chipinda chilichonse cha nsaluyo ndi kuyang'ana kumene kukuchokera kuwala. Mukufuna timabowo, ulusi wosomphoka, ndi mizere yolimba yonyezimira yomwe imasonyeza kuti chingwe chinawotcha nsalu potseguka. Samalani kwambiri pakati pamwamba, pomwe pamalumikizidwa lamba wopita ku pilot chute, kaparachuti kakang'ono kokoka, chifukwa pamenepo ndi pokokedwa ulendo uliwonse.

Zingwe zitsatireni ndi zala kuchokera kunsalu mpaka kumalamba. Chingwe chatsopano chimaterera, chotha chimachita ubweya. Mtundu wa chingwe ukuuzani choyang'ana. Spectra, yoyera ija, imafupika ndi kutentha komwe slider, kansalu ka mphete zinayi kochedwetsa kutseguka kwa parachuti, imabweretsa ikamatsika pa zingwezo, makamaka zingwe za m'mbali ndi za mabuleki, ndipo parachuti imayamba kutseguka mokhota kapena mwamphamvu. Vectran ndi HMA sizifupika motero, koma zimatha mwakachetechete ndipo zimatha kuduka zikuoneka ngati zilipobe. Zikafika maulendo mazana angapo, rigger ayeze kutalika kwake ndi tepi poyerekeza ndi tchati cha fakitale. Kumunsi kwa zingwe za mabuleki, pomwe pamalowa toggle, chogwirira chowongolera parachuti, ndi komwe kumayamba kutha. Chotsaninso kupotana kwa zingwe zimenezi, chifukwa chingwe chopotana chimafupika ndiponso chimamanga mfundo.

Pisani chala m'mphete zinayi za slider. Mukamva pakuthwa kapena potiwizika, mpheteyo ikudya zingwe zanu ulendo uliwonse.

Kachingwe kotsekera chikwama, closing loop, n'kotsika mtengo kuposa chilichonse pa zida zonsezi, koma kakaduka muli pakhomo la ndege parachuti imatuluka nthawi yosayenera. Kakangoyamba ubweya sinthani, ndipo khalani ndi tina tapadera m'chikwama. Kakhalenso kothina mokwanira kuti phini yopyoza kachingweko isamasunthe ndi kukhudza wamba. Thumba la pilot chute pansi pa chikwama likatamuka, loti kaparachutiko kakutuluka kosavuta mukangokoka pang'ono, lisinthidwe. Chingwe cha m'kati mwa pilot chute, kill line, nachonso chimafupika. Mukachikoka mpaka kumapeto, timalamba ta m'kati mwa kaparachutiko tizikhala tokungika. Ngati tili lende pomwe kill line yakungika kale, yafupika ndipo kaparachutiko sikadzakoka ndi mphamvu zonse.

Chachisanu: mphete zitatu, mwezi uliwonse

Mphete zitatu za paphewa, zomwe anatulukira Bill Booth m'zaka za m'ma 1970, ndi zomwe zimakulolani kutaya parachuti yaikulu ikavuta. Zikakhala nthawi yaitali osasuntha, lamba wake amauma n'kutenga mawonekedwe a mphete, ndipo amatha kukana kumasuka. Kamodzi pamwezi masulani RSL, kalamba kolumikiza parachuti yaikulu ndi phini ya rizevu, kenako kokani chogwirira chotayira mpaka mawaya achikasu atuluke onse, ndipo potokolani lamba wa mphetezo ndi manja mpaka afewe. Pukutani mawayawo ndi kansalu koyera kothira silicone pang'ono. Kansaluko kadzada, ndipo kudako ndi fumbi lomwe likanalimbitsa chogwirira. Mafuta ophikira, girisi ndi oyilo wa galimoto ayi, zimakoka dothi. Yang'anani ngati waya wapindika kapena wang'aluka.

Pobwezeretsa, mphete iliyonse ilowe mu imodzi yokha: yapakati mu yaikulu, yaing'ono mu yapakati. Kachingwe koyera kadutse pa yaing'ono yokha, kalowe pabowo la lamba, kenako pabowo la kumapeto kwa paipi yodutsamo waya wachikasu, wayayo n'kukapyoza. Mukatha, tsatirani zingwe zonse kuti mutsimikize kuti simunatembenuze parachuti, ndipo munthu wina wodziwa aonenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachisanu ndi chimodzi: musanavale

Yambani kumbuyo, kuchokera pamwamba. AAD yayaka ndipo yamaliza kudziyesa? Phini ya rizevu yalowa bwino, yosapindika, ndipo chidindo cha rigger ndi kaulusi kake kofiira zilipo? Waya wa rizevu ukuyenda momasuka m'paipi yake? Phini ya yaikulu ili m'malo, lamba wa pilot chute wadutsa njira yake, ndipo pakawindo pakuoneka mtundu wosonyeza kuti kill line yakokedwa? Mukavala, werengani zitatuzitatu: mphete zitatu mbali zonse, malamba atatu, wapachifuwa ndi awiri a m'miyendo, ndi zogwirira zitatu.

AAD iyatsireni pabwalo lomwe mudzatere, chifukwa imatenga pamene yayatsidwira ngati pansi. CYPRES ya Expert imadula pa mamita pafupifupi 225 kuchokera pansi ngati mukugwa mopitirira mamita 35 pa sekondi, ndipo imazima yokha pakatha maola 14. Kuti mumvetse vuto lake, ganizirani munthu woyatsira ku Thyolo n'kutsetsereka pagalimoto mpaka kuchigwa cha Shire: pansi pomwe makinawo akudziwa sipomwe munthuyo waima. Mukasintha malo, zimitsani ndi kuyatsanso.

Chachisanu ndi chiwiri: kusunga m'nyumba za kuno

Nayiloni, yomwe amapangira maparachuti ndi malamba ake, ili ndi adani anayi: dzuwa, asidi, kutentha ndi chinyezi. Kuno onse alipo.

Asidi ndiye woopsa kwambiri chifukwa saoneka msanga. Nyumba zambiri zili ndi batire ya sola pakona, ndipo m'buti ya galimoto mumakhala mutadutsa batire. Kadontho kamodzi kamadya lamba pang'onopang'ono mpaka adzaduke atalemedwa. Zida zisakhale chipinda chimodzi ndi batire, feteleza, mankhwala opopera mbewu, petulo kapena jiki. Mukaona banga lomwe simukulidziwa pa lamba, musalichape n'kuiwala, likaonedwe ndi rigger.

Chinyezi ndiye vuto la tsiku ndi tsiku. Mvula ya m'munsi mwa phiri la Mulanje ndi yomwe imakometsa tiyi, ndipo dzinja likatha chiperoni amabwera ndi nkhungu yake m'miyezi yozizira. Chikwama chikakhala pasimenti kapena chotsamira khoma chimayamwa madzi, chuku n'kumera, zitsulo n'kuyamba dzimbiri. Chiikeni pashelefu, m'bokosi la pulasitiki lotseka bwino, muli timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi. Koma chilowe chili chouma, apo ayi mwatsekera chinyezi m'kati. Bokosilo limatetezanso ku makoswe, omwe amaboola nsalu ndiponso mkodzo wawo umaononga, komanso ku mphemvu ndi nyerere. Tsegulani kamodzi pamwezi tsiku louma, nthawi yomweyo yomwe mukufewetsa mphete zija.

Ngati zikhala miyezi yoposa iwiri kapena itatu, tulutsani parachuti yaikulu m'chikwama ndi kuisunga momasuka m'thumba la nsalu. Ikakhala yopanikizika nthawi yaitali imaumbika ngati njerwa ndipo imachedwa kutseguka, malabala omangira zingwe nawonso amafumbwa kapena kumata. Podzapindanso ikani malabala atsopano.

Zikanyowa, yanikani pamthunzi podutsa mphepo. Padzuwa ayi, pafupi ndi mbaula ayi. Zida zomwe zinamira m'madzi osefukira, ngati omwe anadza ndi namondwe Freddy mu March 2023, zonse zipite kwa rigger ngakhale zitauma n'kuoneka bwino, chifukwa matope ndi mchenga zimalowa m'kati mwa ulusi n'kumaudula, ndipo AAD imafuna kuonedwa payokha. Musasiye chikwama m'galimoto yotseka padzuwa la October.

Zosayenera kukhudza nokha

Rizevu simutsegula, simupinda, ndipo chidindo chake sichidulidwa ndi mwini. Ku America lamulo limati ipindidwenso ndi rigger masiku 180 aliwonse. Maiko ena ali ndi nthawi yawo, choncho funsani bwalo lomwe mukadumphire, monga mabwalo a pansi pa Parachute Association of South Africa, ndipo konzani kuti mufike masiku angapo msanga kuti rigger apeze nthawi. Tsiku lopinda likakwana, pemphani kuti muvale zidazo n'kukoka zogwirira zonse ziwiri, chotayira ndi cha rizevu, nokha pamaso pa rigger. Mudzamva kulemera kwake kwenikweni, komwe pa rizevu sikuyenera kupitirira mapaundi 22, pafupifupi makilogalamu 10.

Malamba akasomphoka musapite nawo kwa telala wa pamsika wa Chitakale kapena ku Luchenza, ngakhale ali waluso chotani pa mayunifomu ndi zikwama za sukulu. Malamba a parachuti amasokedwa ndi ulusi wa nayiloni wa mphamvu yodziwika, pamakina olemera, motsata kasokedwe ka fakitale, ndipo singano yolakwika imadula ulusi wa lambayo m'malo moulimbitsa.

Pokwera ndege pa Chileka, chikwamacho chiikeni m'chikwama china kuti wonyamula katundu asakoke chogwirira cha rizevu poyesa ngati chonyamulira. Tengani kakhadi komwe opanga AAD amapereka kosonyeza momwe makinawo amaonekera pa X-ray, ndipo fikani msanga, chifukwa achitetezo akafuna kufunsa mafunso pamafunika nthawi yofotokoza chidindo chisanadulidwe.