Opalasa njinga m'mbali mwa nyanja, yambirani ku Salima

Anzanga okonda njinga, ngati mukukonza ulendo wautali pamsewu wa M5, yang'anani kaye mphepo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba kuchokera kummwera, ndiye nyamukani ku Salima kulowera ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay. Mphepo imakukankhani kumsana, miyendo siifulumira kutopa. Ine ndinayambapo mbali inayo, ndinakafika mawondo akunjenjemera.

Nyamukani kusanache, chifukwa kunyanja dzuwa limapweteka likangokwera. Botolo limodzi la madzi muthiremo ORS. Mchere wotayika ndi thukuta umabwerera, kukokana kwa minofu kumachepa. Nthochi idyani njala isanakugwireni. Chubu chapadera, pampu ndi zigamba musaziiwale, amakanika a njinga sapezeka paliponse.