Momwe mungayendere nyumba yakale yosungiramo mkaka ku England

Kuseri kwa mafamu ndi nyumba zikuluzikulu zakale za ku England kumapezeka tinyumba tosiyidwa, chitseko chitawola, koma mkati muli matailosi okongola kuposa a kukhitchini. Tambiri mwa ito tinali tosungiramo mkaka. Firiji isanabwere, nyumbayo ndiyo inali firiji, ndipo chilichonse chimene mmisiri anaikapo chinali cholimbana ndi kutentha. Mukapita ndi maganizo amenewa, makoma adzakuuzani zambiri.

1. Pemphani chilolezo. Nyumba ikasiyidwa sindiye kuti ilibe mwini. Fufuzaninso pa intaneti mndandanda wa nyumba zotetezedwa wa Historic England, bungwe la boma loteteza nyumba zakale. Ngati ilimo, mudziwa zaka zake musanafike.

2. Yambani mwaona yokonzedwa bwino. Ya ku Kenwood, ku Hampstead mu London, inamangidwa m'zaka za m'ma 1790, ndipo English Heritage, bungwe losamalira malo akale, linaikonzanso. Diso likaona yathunthu silivutika kuzindikira yogumuka.

3. Valani nsapato zolimba kuphazi chifukwa cha misomali yadzimbiri, tengani tochi, ndipo musapite nokha. Denga likaoneka lofwamphuka, onerani pakhomo basi. Malata akale otuwa ooneka ngati simenti musawakhudze kapena kuwaswa, akhoza kukhala a asbestos, amene fumbi lake limawononga mapapo.

4. Izungulireni kaye kunja. Tsegulani kampasi ya pafoni muone kumene mazenera aloza. Kawirikawiri ndi kumpoto, poti ku England dzuwa limadzera chakumwera. Onani kukhuthala kwa khoma pachitseko, denga lotulukira kutali kapena khonde lopereka mthunzi, ndi kansanja kotulutsira mpweya wotentha pamwamba pa denga. Zenera lokhala ndi timatabwa topendekeka kapena sefa wawaya m'malo mwa galasi linali loti mphepo ilowe koma ntchentche zitsale kunja.

5. Mkati ndi momwe muyenera kukhalitsa. Mwina mutsika sitepe imodzi kapena ziwiri polowa. Pansi ankakumbako dala kuti nthaka izithandiza kuziziritsa. Mashelefu amwala ozungulira khoma, a sileti kapena mabo, ndi pomwe ankayalapo mbale zazikulu zosazama zodzaza mkaka. Mkakawo unkagona usiku wonse kapena kupitirira, mafuta ake n'kuyandama, kenako amawayengula n'kukapangira batala. Gwirani mwalawo, mudzamva kuzizira ngakhale mu July, mwezi wotentha ku England. Ndiyeno weramani muone pansi: pamakhala potsetsereka pang'ono kulowera ku ngalande, chifukwa ankatsukapo tsiku ndi tsiku. Mkaka sugwirizana ndi litsiro, ndipo umatenga fungo la chilichonse chili pafupi, n'chifukwa chake chipinda chotsukira zitini ndi madzi otentha chimakhala padera. Mukapeza chumuni, chipindacho ndi chimenecho.

Matailosi amaluwa asakudabwitseni. Kwa anthu olemera, nyumba ya mkaka inalinso yoonetsera alendo. Ya banja lachifumu ku Frogmore, pafupi ndi Windsor, imene Prince Albert, mwamuna wa Mfumukazi Victoria, anaimangitsanso mu 1858, anaikuta ndi matailosi a kampani ya Minton, muli ndi akasupe a madzi. Ya mlimi wamba mupezamo laimu woyera chabe, ndipo kwa ine imeneyo ndiyo imaonetsa bwino ntchito yeniyeni.

6. Jambulani, koma musatole kanthu, ngakhale kachidutswa ka tailosi. Potuluka tsekani geti monga munalipezera, mwina m'mundamo mudakali ng'ombe.