Mperekezi wosaitanidwa akudyera ana malikisi a Chingerezi

Sabata ziwiri zapitazi ndakhala ndikuchonga mapepala a mayeso oyeserera a ophunzira a Fomu 4 pamodzi ndi aja akubwereza, ndipo cholembera changa chofiira chathera inki pa vuto limodzi lokha. Za masipelo ndi za nthawi za aneni tizisiye kaye, aphunzitsi anu anakuuzani kale. Vuto lomwe landiwawa mtima ndi kuwonjezera mperekezi (kamawu monga "about", "with" kapena "to") pa mneni amene amayenda yekha.

Funso linali lapafupi. Chiganizo chimati "The committee met to ... the budget", ndipo pa mayankho anayi panali "discuss" komanso "discuss about". Mwana ndi mwana, ngakhale anzeru aja timawadalira, anathamangira "discuss about". Nditawafunsa m'kalasi, yankho linali lomwelija ndimalimva chaka ndi chaka: "Sala, ndi imene ikumveka bwino." Ikumveka bwino kwa yani? Khutu lanu linaleredwa ndi Chichewa, ndiponso ndi Chingerezi cha m'misonkhano ndi cha pa WhatsApp chimene chinadwala kale matenda omwewa. Wolemba mafunso amadziwa bwino lomwe kuti khutulo lidzakunamizani, n'chifukwa chake amaika yankho lolakwikalo dala pambali pa lolondola.

Gwero lake si ulesi ayi. M'Chichewa timakambirana ZA nkhani, ndiye mwana akafika pa "discuss" amamva ngati pakusowa kanthu, n'kuponyapo "about". Timafika KU Lilongwe, iye n'kulemba "reach to Lilongwe" kapena "reach at". Timalowa M'nyumba, basi "enter in the house". Mwana amafanana NDI bambo ake, "resembles with his father". Mtsikana akwatiwa NDI mphunzitsi, "married with a teacher". Onsewa ndi olakwika. Aneni amenewa amagwira pamtherankhani (dzina limene ntchito ya mneni ikugwera) mwachindunji popanda wowaperekeza: "discuss the budget", "reach Lilongwe", "enter the house", "resembles his father", "married a teacher". Tizilombo tomwe tikuluma apa ndi timawu tathu tomwe, za, ku, mu komanso ndi, tavala malaya a Chingerezi.

Msampha wachiwiri ndi wobisika kwambiri, ndipo ndi umene umagwira ana owerenga. Chingerezi chili ndi mawu oti dzina lake limafuna mperekezi pomwe mneni wake safuna. "A discussion about money" ndi cholondola, "discuss about money" ayi. "A request for leave" chili bwino, koma "he requested for leave" chafa. "Put emphasis on" inde, "emphasise on" iyayi. Mwana anaziwonapo m'buku zikuyendera limodzi, ndiye amalumbira kuti akukumbukira, osadziwa kuti chimene anawona linali dzina. Palinso aneni aja amabwerekana mperekezi ndi mnzawo wofanana naye tanthauzo. "Consist of" ilipo, "arrive at" ilipo, "talk about" ilipo, choncho mwana amalanda "of" kukapatsa "comprise", amalanda "at" kukapatsa "reach". Nanga "cope up with" ija yadzaza m'makalata a m'maofesi? Palibe "up" pamenepo, ndi "cope with" basi.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti akuluakulu ndife tikufesa udzu umenewu. Ndawonapo aphunzitsi akulembetsa ana mndandanda wa aneni pa bolodi, mneni kumanzere, tanthauzo la Chichewa kumanja, ana n'kuloweza ngati nyimbo. Njira imeneyi tinaphunzira nayo ifenso, koma itheretu. Mneni wolowezedwa payekha ndi theka la phunziro. Ndipo mukawadzudzula ena amati, "Bola uthenga wamveka." Pa msika wamvekadi. Pa funso losankha A, B, C, D palibe theka la malikisi, mwalakwa mwalakwa, ndipo mukanyamula zomwezo kupita nazo mu chimangirizo wochonga amazidula mzere uliwonse.

Mtengo wake ndi waukulu kuposa momwe ana amaganizira. Pa MSCE, wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza Masamu ndi Bayoloje mochititsa kaso. Ku mayunivesite a boma amafuna ma credit asanu ndi limodzi, ndipo Chingerezi chiyenera kukhala pakati pawo. Kusiyana kwa 6 (credit) ndi 7 (pass chabe) kukhoza kukhala malikisi ochepa zedi, ofanana ndi omwe akutayidwa pa "about" ndi "with" osafunikawa. Anamwino amene akukonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS kuti akagwire ntchito ku Britain akukumana nawonso matenda omwewa, atakula kale, ndalama zolembetsera mayeso zili zambiri.

Chaka chatha anandipeza bambo wina, mlimi wa chimanga ndi soya. Mwana wawo wamkazi anakhoza bwino maphunziro ena onse koma Chingerezi anapeza 7, ndipo bamboyo anali atangogulitsa soya kuti mwana abwereze. Anati, "Aphunzitsi, tandiuzani chavuta n'chiyani, mwanayutu pakhomo amalankhula Chizungu mpaka ife kusowa chonena." Ndinatenga kope la mwanayo n'kuwafotokozera m'Chichewa kuti amawonjezera timawu posafunika. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndamva. Ndi zomwe tinkachita ife ndi Sasakawa." Anandikambira kuti alangizi atabwera ndi zoti phando limodzi mbewu imodzi, mizere kutalikana masentimita 75, mapando masentimita 25, iwo ankavomera masana, koma pobzala ankaponyamo zitatu ndithu, poti phando la njere imodzi linkawoneka lopanda kanthu. Chimanga chinkamera chothinana, mapesi owonda, zisononkho zazing'ono. Zinawatengera zaka ziwiri kuti dzanja lizolowere kusiya njere imodzi n'kupitirira. Tinacheza nthawi yaitali za mitengo ya feteleza ndi za mavenda omwe amabera pa sikelo, mpaka za mwana zija tinazibwerera dzuwa litapendeka. Kuyambira tsiku limenelo ndikaona mwana akulemba "discuss about" ndimangomufunsa kuti waponya njere zingati.

Musamve ngati ndikuti mperekezi aliyense ndi mdani. Pali aneni ena amene sayenda okha, ndipo pamenepo Chichewa chimatipusitsa mbali inayo. Timamvera wailesi, timadikira munthu, popanda kamawu pakati, koma Chingerezi chimafuna "listen to" ndi "wait for". Ndipo "enter into an agreement" ndi cholondola ngakhale "enter into the room" sichili, monganso "she is married to a teacher" chimatenga "to".

Tsono chochita, poti nthawi yatha. Pezani kope lapadera, mneni aliyense mumulembe m'chiganizo chathunthu, osati payekha. Mukatsegula dikishonale musathere pa tanthauzo, werengani zitsanzo zili m'munsizo, ndipo onani ngati mneniyo walembedwa kuti ndi transitive, kutanthauza kuti amagwira pamtherankhani mwachindunji. Tengani mapepala akale a MANEB, muyankhe mafunso a aperekezi okhaokha, ndipo olakwa muwabwereze pakatha masiku atatu mokweza mawu kuti khutu liphunzirenso. M'chipinda cha mayeso, mukawona mayankho awiri osiyana pa kamawu kamodzi kokha, masulirani chiganizocho m'Chichewa mwachangu. Ngati kamawuko kakugwera ndendende pamene pali za, ku, mu kapena ndi wathu, kakayikireni kaye musanachonge.