Momwe mungatetezere munthu wofooka minofu kuti asamagwe m'nyumba

Achimwene anga ali ndi matenda a mitsempha otchedwa Charcot-Marie-Tooth, phazi limangolendewera, akamayenda zala zimakwekwesa pansi ndiye akangopunthwa pa kanthu kakang'ono basi agwa. Malangizo awa athandizanso odwala matenda ofooketsa minofu otchedwa muscular dystrophy ndi aja miyendo imayambanso kufooka patapita zaka atadwala poliyo.

Yambani ndi pansi. Timakapeti, mawaya a chaja, zonsezo zichoke m'njira yochokera pabedi kupita kutoileti, ndipo usiku pazikhala kagetsi koyaka. Masilipasi ayi, nsapato izikhala yotseka kuchidendene. Phazi lolendewera limafuna kapulasitiki kaja kogwira phazi kotchedwa AFO, koma akayezedwe ndi a fiziyo, osangotola ka munthu wina.

Tsopano kubafa, apa ndi pomwe ine ndinalakwitsa. Ndinagula chogwirira chija chongomata pa matailosi, wogulitsa anachita kulumbira kuti chimanyamula munthu wamkulu, nanenso ndinachikoka ndi manja awiri chili nganganga ndiye ndinakhulupirira. Patangopita masabata angapo achimwene anachitsamira potuluka, chinamatuka, anagwa chammbali chigongono n'kumenyetsa pa sinki. Ndinawapeza ali pansi sopo ali kumaso, akulephera kudzuka poti manja nawonso mphamvu n'zochepa, ndipo mawu oyamba anali opepesa kuti andivutitsa. Mpaka lero mtima umandiwawa. Chonde zomatazo zisiyeni, kaya akunyengerereni bwanji. Chogwirira chenicheni mumaboola khoma n'kumanga ndi masikuluwu, mukamaliza chilendewereni nokha ndi thupi lonse muone ngati sichikugwedera. Muikenso mpando wosambirapo ndi mati ya labala, munthu azisamba atakhala, sopo ndi thaulo zili pafupi kuti asamachite kunyanyamphira.

Ndodo kapena walker (chitsulo choyendera chogwira ndi manja awiri), pogwira pake pazilingana ndi polumikizira dzanja ndi mkono munthu ataimirira manja atatsitsa. Ndodo imagwiridwa mbali ya mwendo wamphamvu. Labala yakunsi ikaperepeseka sinthani msanga.

Kutopa nako kumagwetsa, odwala matenda ena ofooketsa minofu otchedwa myasthenia gravis amafooka kwambiri madzulo ndiye zosamba zizichitika m'mawa. Mankhwala ogonetsa kapena obweretsa chizungulire kambiranani ndi adokotala.

Akagwa musawakoke manja, yambani mwaona ngati sanathyoke, makamaka omwe amamwa mankhwala otchedwa ma steroid poti mafupa amakhala osalimba. Akayamba kubanika kapena kusokonezeka mutu, thamangirani nawo kuchipatala.