Wa digiri musanamulembe ntchito, muyeseni chonchi

Ndimayendetsa kopaletivi ya alimi a kachewere ndi nyemba kuno ku Lizulu, ndipo achinyamata a digiri amabwera ndithu kudzafuna ntchito. Pepala ndimaliona mphindi imodzi yokha, kungotsimikiza kuti sukulu yake ndi yovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba. Zotsalazo timayesa.

Munthuyo asanafike, lembani ntchito zisanu zimene adzagwire mwezi woyamba. Zoti "akhale wolimbikira" musalembe, aliyense amalonjeza zimenezo. Zathu ndi izi: kulemba matumba olowa ndi otuluka mu pulogalamu ya pakompyuta ya Excel, kuyeza munda, kuwerengera mbewu ndi feteleza, lipoti la tsamba limodzi, ndi kulankhula ndi alimi.

Kenako azigwire inu mukuona. Ine ndimayamba ndi samu: mizere yatalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando, hekitala imodzi mulowa mapando angati? Ndi 53,000 ndi kanthu. Amene anachita zaulimi, monga a ku Bunda, sachedwa nayo.

Nkhani imagona kumunda. Ndimapita naye kwa mlimi amene kachewere wake wagwidwa matenda a chiwawu, afotokoze vutolo ndi chochita popanda liwu la Chingerezi. Mtsikana wina wa magiredi okongola anawerama, natembenuza tsamba bwinobwino, matenda anawadziwa, koma anayamba ndi "mayi, iyi ndi fungal infection". Mayiwo anangoti "chabwino aphunzitsi", n'kumanga chitenje, n'kubwerera kukhasu.

Pa ntchito iliyonse perekani 0 ngati sakutha, 1 ngati akutha wina atamuimirira, 2 ngati akutha yekha. Opereka mukhale awiri, aliyense payekha, chifukwa mtima umakondera mwana wakwanu.

Pakatha miyezi itatu ali pantchito, muyeseninso pa ntchito zisanu zomwezo. Pamenepa m'pamene mumasiyanitsa chimene sukulu sinamuphunzitse ndi chimene anangosowa pochiyesera. Mnyamata wina ndinampatsa 0 pa Excel, chifukwa zaka zinayi zonse ankabwereka laputopu kwa anzake. Mwezi wachitatu ndi amene anandipezera matumba asanu ndi limodzi amene ndinawalemba kawiri.

Mufunseninso iyeyo kuti ndi makosi ati amene akumuthandiza ndi ati sanawagwiritsepo ntchito. Ine ndinafunsa mochedwa, n'kupeza kuti munthu wa zanthaka ndamukhazika pa malisiti miyezi iwiri. Zotsatirazo, mutachotsa mayina, tumizani kwa mkulu wa dipatimenti kumene anaphunzira. Mtsikana uja pano ali pa 2. Chiwawu amafotokoza ndi tsamba m'manja, mayi aja atagwira mbali inayo.