Kuyendetsa geni ndi foni yokha: zida zaulere ndi misampha yake

Geni zambiri zazing'ono zimagwa makasitomala akadalipo. Chimazigwetsa ndi choti ndalama ya mpamba ndi ya ndiwo zimagona m'thumba limodzi, mwini wake n'kudzazindikira pa tsiku lokaoda kuti yatsalayo siikwana. N'chifukwa chake chida choyamba kuchikonza ndi cholembera, zotsatsira malonda zibwere pambuyo.

Kope ndi bolopeni zimagwira ntchito, koma kope limanyowa, limatayika, ndipo siliwonkhetsa lokha. Ngati muli ndi foni ya Android, muli kale ndi akaunti ya Google, yomwe imapereka malo aulere okwana 15 GB ndi pulogalamu ya Google Sheets. Tsegulani tsamba limodzi, mulembe mitu isanu pamwamba: tsiku, katundu, zalowa, zatuluka, ngongole. Pa malo opanda kanthu lembani =SUM(C2:C300) kuti muone zonse zalowa, ndi =SUM(D2:D300) pa zotuluka (C ndi gawo lachitatu la tsambalo, D ndi lachinayi). Anthu ambiri amalakwitsa apa: amalemba K5,000 ndi chilembo K chomwe, pulogalamuyo n'kuwerenga ngati mawu, osaiphatikiza. Lembani 5000 basi. Tsambalo liikeni kuti lizitseguka popanda intaneti. Zomwe mwalemba zidzasungidwa ku akaunti yanu bandulo ikadzalowa.

Mu gawo la zotuluka musamangolemba mtengo woodera. Tiyerekeze kuti mwaoda katoni ya sopo wa mitanda 20 pa K40,000. Mutu umati mtanda umodzi ndi K2,000, ndiye pogulitsa K2,300 phindu ndi K300. Koma minibasi ndi kabaza zadya K3,000, chiphaso cha mumsika ndi majumbo zatenga K1,000. Mtanda uja wakufikani pa K2,200, phindu lenileni ndi K100. Mtanda umodzi ukatengedwa kukachapira kunyumba osalembedwa, phindu la katoni yonse lapita, ndipo mwaluza K300 pamwamba. Katundu wopita kunyumba alembedwe ngati ngongole ya mwini geni, ngakhale zimveke zachilendo. Ngongole za ena zikhale ndi dzina, tsiku lotengera ndi tsiku lomwe munagwirizana. Ngongole ya "ndikupatsani pa mwezi" yopanda tsiku ndi mphatso.

Ndalama ya geni ikhale pa nambala yakeyake ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, yosiyana ndi yomwe abale amatumizirapo kapena kupempherapo. Kasitomala akati watumiza, musadalire uthenga wokha kapena chithunzi chomwe wakuonetsani. Imbani *211# pa Airtel kapena *444# pa TNM muone ngati ndalama yakweradi, kenako mupereke katundu. Mauthenga abodza amafanana kwambiri ndi enieni, koma amachokera pa nambala wamba ya munthu. Msampha wina ndi wa uja woimba modandaula kuti watumiza ndalama molakwika, mumubwezere. Muuzeni aimbire kampani ya foni. Inu musatumize kanthu. Gwirizananinso msanga za yotapira kwa ejenti, chifukwa pa katundu wa phindu lochepa ndalama imeneyo ikhoza kumeza zonse.

Tsopano zotsatsa. WhatsApp Business ndi yaulere ndipo ndi yosiyana ndi WhatsApp wamba. Nambala imodzi siingakhale pa ziwirizi nthawi imodzi, choncho gwiritsani nambala ya geni ija, kapena sungani kaye macheza anu musanasamuke. Mukalowa, lembani dzina la bizinesi, malo ndi maola otsegulira. Catalogue, mndandanda wa katundu wanu mu pulogalamuyi, imalola katundu wofika 500, aliyense ndi chithunzi ndi mtengo wake, moti wofunsa "muli ndi chani?" mumangomutumizira ulalo umodzi mmalo mwa zithunzi makumi atatu zodya bandulo. Vuto lake ndi mitengo yakale. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yoodera inasintha mofulumira, ndipo mtengo woiwalika mu catalogue umabala mkangano ndi kasitomala amene wauona ndi maso ake. Tsiku lokaoda likhalenso tsiku lokonza mitengo.

Mayankho obwerezabwereza, monga nambala yolipirira ndi mmene munthu angakupezereni, asungeni mu quick replies. Mukalemba chizindikiro cha / amatuluka okha. Ma label, zizindikiro zoika pa macheza, amathandiza kusiyanitsa amene walipira, amene akudikira katundu ndi wangongole. Broadcast, yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri, imatenga anthu 256 pa mndandanda umodzi, koma uthengawo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu, n'chifukwa chake ena amadabwa kuti atumiza koma kuli zii. Pemphani kasitomala aliyense asunge nambala ali pomwepo. Kutumiza malonda kwa anthu osakudziwani kapena kuwaponya mu gulu osawafunsa kumachititsa kuti akunenezeni, ndipo nambala ikhoza kutsekedwa pamodzi ndi makasitomala onse. Status imakhala maola 24. Zithunzi zitatu kapena zinayi zokhala ndi mtengo zimaonedwa, koma makumi awiri anthu amangodumpha.

Chithunzi chabwino sichifuna foni yodula. Pukutani kamera, ikani katundu pa nsalu ya mtundu umodzi pafupi ndi zenera kapena pakhonde m'mawa, musayatse flash. Zikwangwani ndi mindandanda ya mitengo mutha kukonza pa pulogalamu ya Canva, bola mupewe zithunzi zokhala ndi kachisoti kachifumu, chifukwa zimenezo n'zolipira. Tsamba la Facebook ndi magulu ogulitsirana a m'tauni yanu amafikitsa malonda kwa anthu achilendo; kumanani nawo poyera, masana. Amene ali ndi malo okhazikika, monga saluni, galaja kapena malo odyera, alembetse pa Google Business Profile kuti azioneka pa Google Maps. Kuno kumene njira timalongosola ndi mtengo wa mango ndi chigayo, kadontho ka pa mapu kamapulumutsa mayunitsi.

Za boma: TPIN, nambala ya wokhoma msonkho ya ku MRA, siilipiritsidwa, ndipo mabungwe ndi makampani amaifuna musanawagulitse katundu. Kulembetsa dzina la bizinesi ku boma ndi laisensi ya ku khonsolo n'zolipira, choncho ziikeni mu zotuluka.

Zonsezi zili mu foni imodzi yomwe ikhoza kubedwa mu depoti. Ikani PIN ya manambala asanu ndi imodzi ya two-step verification (loko wachiwiri wa akaunti) pa WhatsApp, ndipo nambala yachinsinsi yobwera pa SMS musauze aliyense, ngakhale wodzitcha wa ku kampani. Mawu achinsinsi a Google alembeni pa pepala losungidwa kunyumba. Simu ya geni ilembetsedwe ndi chiphaso chanu cha unzika, osati cha mlamu kapena mnyamata wogulitsa pa okala, chifukwa ikatayika woibwezeretsa ndi mwini chiphasocho, ndipo ndalama zili pa nambalayo zili m'dzina lake.