Mtolo wolemerawo muli madzi, siyani kuunyadira

Dzinja lino m'makomo ambiri ndikupezamo utsi wamtundu umodzi, woyera ndi wolemera, wongozungulira m'khitchini osafuna kukwera m'mwamba. Wophika ali chogwada kupemerera moto, misozi ili chuchuchu, chikuni pamotopo chikungolira kuti tsiii uku kumapeto kwake kukutuluka thovu. Ukafunsa chavuta n'chiyani, aliyense akuloza kumwamba, ati mvula yanyowetsa nkhuni. Mvulayo musainamizire. Chikuni chouma bwino chikavumbwa, madzi amathera pamwamba, ndipo chikaona dzuwa tsiku limodzi kapena awiri chimayaka ngati kale. Thovu mukulionalo ndi madzi amene mtengo unamwa uli chiimire, ndipo madziwo munachita kugula ndi ndalama zanu.

Ndimaima pambali n'kumaonerera mmene mumagulira. Munthu afika kwa wogulitsa, anyamula mtolo uwu, autsitsa, anyamula winawo, kenako asankha umene wamupweteka msana n'kumapita akumwetulira kuti lero wapindula. Wogulitsa naye atsala akumwetulira, ndipo pa awiriwa iye ndiye ali ndi chifukwa. Mtengo wongodulidwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Chipika cha makilogalamu 10 chimene chagwetsedwa dzana chili ndi madzi okwana makilogalamu ngati 5. Chikauma mpaka kufika poyenera kusonkhera, pamene chinyezi chatsika kufika pa magawo 20 pa 100 aliwonse, chipika chomwecho chimalemera makilogalamu 6 ndi pang'ono. Pafupifupi makilogalamu 4 otsalawo ndi amene munawalipira, kuwasenza, kuwatula pakhomo, kenako n'kuwononga nkhuni zina powaphwetsa pamoto.

Kumene chizolowezichi chinachokera ndikukudziwa, ndipo makolo amene anatiphunzitsa sanali opusa. Iwo ankatola nthambi zimene zinauma zokha patchire. Pakati pa zikuni ziwiri zouma, cholemeracho ndi cha mtengo wolimba, chimayaka nthawi yaitali ndipo chimasiya makala abwino. Pamenepo dzanja silinama. Koma lero amene akukugulitsani nkhuni wadula mtengo wamoyo sabata yatha, wauwaza dzulo, lero waumanga mitolo. Dzanja lanu silingasiyanitse kulemera kwa mtengo wolimba ndi kulemera kwa madzi. Zinthu zinasintha kalekale, inu mukadali kupima ndi muyeso wa agogo.

Madzi sayaka, izi ngakhale mwana akudziwa. Chimene ambiri simuchiganizira ndi kuchuluka kwa moto umene madzi amadya kuti achoke. Kusandutsa lita imodzi ya madzi owira kuti ikhale nthunzi kumafuna moto woposa kasanu umene unafunika kuti madzi ozizira omwewo afike powira. Amene anaiwalapo mphika wa madzi pamoto akudziwa: kuwira sachedwa, koma kuti aphwe onse pamatenga nthawi. Ntchito imeneyo ndi imene moto wanu ukugwira m'kati mwa chikuni chachiwisi usanayambe n'komwe kutenthetsa mphika. N'chifukwa chake kilogalamu imodzi ya nkhuni zaziwisi imapereka kutentha kongokwana ngati theka la kumene kilogalamu ya zouma imapereka. Ndipo si pokhapo. Nthunzi ija imaziziritsa malawi, ndiye mpweya woyaka umene mtengo umatulutsa ukatentha umathawa osapsa. Utsi umene ukukulizaniwo ndi nkhuni zanu zomwe, zikutuluka pakhomo zisanagwire ntchito. Kwa amene mukuphikabe pamafuwa, kumbukirani kuti ngakhale nkhuni zili zouma, kutentha kumene kumalowa mumphika ndi magawo 10 mpaka 15 okha pa 100 aliwonse. Pa zochepa zomwezo mukuchotsaponso zina.

Yankho limene limanditopetsa kwambiri ndi lakuti zaziwisi zimakhalitsa pamoto. Inde zimakhalitsa, chifukwa sizikuyaka.

Bambo wina, mlimi wakhama ndithu, wa mizere yowongoka ndi khola losesedwa, anandiitana kuti ndikaone mbewu zake, koma tisanafike kumunda anandikokera kuseri kwa nyumba kukandionetsa nkhuni. Anagula ngolo yodzaza zipika zabulugamu mvula itangoyamba. "Alangizi, ng'ombe zinachita kugwada pachitunda paja," anatero monyadira, "izi zitifikitsa mpaka kukolola." Zipikazo sanaziwaze. Anaziunjika pansi motsamira khoma, n'kuzifunditsa pepala la pulasitiki mpaka pansi, m'mbali n'kutsindira ndi njerwa kuti mvula isalowe. Nditavundukula pepalalo, kunsi kwake kunali madontho okhaokha ndipo mpweya wofunda wachuku unandiwomba kumaso. Zipika zapansi zinali zitamera tibowa, chiswe nacho chitayamba kale ntchito. Ndinawauza kuti pepalali latsekera madzi m'kati, nkhunizi sizidzauma. Iwo anaseka. "Inu za m'mabukuzo. Ine chipika chimodzi ndikachiika madzulo, m'mawa ndimachipeza." Mayi a kunyumbako anali chapatali akutsuka miphika, ndipo anayankha osadzutsa mutu: "Mumachipezadi bambo, poti amene amadzuka kukapempha zouma kwa aneba ndine." Bambo aja anasintha nkhani, tinapita kukaona mbewu. Pobwerera ndinawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti awaze chipika chimodzi, aike chibanthu pasikelo yawo yoyezera zokolola, alembepo kulemera kwake ndi khala, achisiye pakhonde podutsa mphepo, adzachiyezenso mwezi ukatha. Tinakumananso pamsonkhano wina, ndipo asanandipatse n'komwe moni anati, "Chija chinapepuka, alangizi." Za pepala lija sananene, inenso sindinafunse.

Zikanakhala za ndalama zokha ndikanati aliyense adziwonere yekha. Koma utsi uli ndi eni ake, ndipo eni akewo si amene anakasankha mtolo. Ndi wophika, ndi mwana ali kumsana, ndi wokalamba amene amakhalira kuotha moto. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 utsi wa m'nyumba, wochokera ku nkhuni, makala, malasha, ndowe ndi palafini, unachititsa imfa za anthu pafupifupi 3.2 miliyoni, ndipo mwa iwo ana osakwana zaka 5 anali oposa 237,000. Chibayo, matenda a mtima, chifuwa chosatha, zonsezi zili m'gulumo. Nkhuni zouma nazo zimatulutsa utsi, sindikukana, koma zaziwisi zimauchulukitsa, ndipo wophika amakhala nthawi yaitali nkhope ili pamoto chifukwa moto wake ndi wofuna kuunyengerera. Amene muli ndi mbaula ya chumuni musadzione ngati mwapulumuka. Utsi wozizira wa nkhuni zaziwisi umamata phula lakuda m'chumunimo, limaunjikana, ndipo tsiku lina limagwira moto pamwamba penipeni pafupi ndi denga. Ku England anafika pokhazikitsa lamulo: kuyambira mu May 2021, nkhuni zogulitsidwa pang'onopang'ono, zosafika mamita awiri a kiyubiki (mita ya kiyubiki ndi malo a mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu), ziyenera kukhala ndi chinyezi chosapitirira magawo 20 pa 100. Kumene kulibe lamulo lotere, woyang'anira ndi inu wogula, palibenso wina.

Tsopano apa ndi pamene cholakwikachi chimabala chinzake. Munthu amene wakhala akusonkha zaziwisi sadziwa kuti banja lake limatha nkhuni zochuluka bwanji. Chaka china zimamukwanira, chaka china zimathera pakati pa dzinja, iye n'kumati ana akuwononga. Zikatha amathamangira kukagula nthawi imene aliyense akuzifuna, zouma zitatha kale pamsika, mtengo utakwera, ndipo zimene amapeza ndi zodulidwa dzana. Chaka chamawa chimodzimodzi. Kugula nkhuni zaziwisi pakokha si kulakwa, ndipo nthawi zambiri zimatsikirako mtengo. Kulakwa n'kuzigula tsiku limene mukufuna kuphikira. Wogula zaziwisi chilimwe chikuyamba, n'kuziwaza, n'kuzisanja, ameneyo ndiye wochenjera, chifukwa dzuwa limamugwirira ntchito ulere.

Maso nawo amanama ngati dzanja. Mulu wongoponyedwa chiponyeponye umaoneka waukulu, koma woposa theka lake ndi mphepo. Ngakhale nkhuni zosanjidwa bwino, pa malo a mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, mtengo weniweni umangokwana ngati magawo awiri mwa atatu, ndipo zikakhala zokhotakhota ndi zamfundo umacheperapo. N'chifukwa chake m'mayiko amene malonda a nkhuni ali ndi muyeso wokhazikika amayeza zosanja. Ku United States ndi Canada amagulitsa pa cord, mulu wosanjidwa wa mafiti 4 msinkhu, 4 m'lifupi ndi 8 m'litali, umene ndi mamita a kiyubiki pafupifupi 3.6. Ku France anazolowera stère, mita imodzi mbali zonse. Koma "ngolo imodzi", "wilibala imodzi", "galimoto yodzaza" si muyeso. Ngolo ya ndani? Yodzaza mpaka pati? Wogulitsa wodziwa ntchito yake amaika zokhota pansi mopingasa, zowongoka pamwamba, inu n'kumayamika kuti wakuninkhani. Mtundu wa mtengo nawo muufunse. Zikauma mofanana, kilogalamu ya paini ndi kilogalamu ya bulugamu zimapereka moto wosasiyana kwenikweni, koma paini ndi wopepuka, ndiye mulu wake uli ndi makilogalamu ochepa kusiyana ndi mulu wofanana nawo wa mtengo wolimba. Mukamalipira potengera kukula kwa mulu, mtengo wa milu iwiriyi usafanane.

Zoyenera kuchita si zambiri ndipo zina mukuzidziwa kale. Pogula, yang'anani kumapeto kwa chikuni: chouma chimakhala ndi ming'alu, mtundu wake ndi wotuwa, khungwa limasupuka mosavuta. Menyanitsani ziwiri, zouma zimalira kuti ngwee, zaziwisi zimangoti phi. Musakhutire ndi zapamwamba, solorani cham'kati mwa mtolo, ndipo ngati mukugula zambiri muuze wogulitsa awaze chimodzi mukuona, mugwire pakati pake. Pakazizira ndi kunyowa, kapena pakamveka fungo la utomoni wamuwisi, mwadziwa. Akakana kuwaza, mwadziwanso. Timakina toyezera chinyezi tilipo, gulu likhoza kusonkherana n'kugula kamodzi, koma mubaye pamalo pongowazidwa kumene, osati kunja.

Za kuchuluka, lekani kuyerekeza. Tengani sikelo, muyeze mulu wa nkhuni zouma, muzisonkha za pamulu womwewo kwa masiku 7, muyeze zotsala, muchotse kulemera kwake pa kulemera kwa mulu wonse uja, zimene mwapezazo mugawe ndi 7. Tinene kuti mwapeza makilogalamu 8 patsiku, ndipo nyengo imene mukufuna kudutsa ndi ya masiku 150. Amenewo ndi makilogalamu 1,200. Onjezerani gawo limodzi mwa magawo anayi chifukwa cha alendo, matenda, masiku ozizira ndi zina zogwa mwadzidzidzi, mufika pa 1,500. Mulu wosanjidwa wa mita imodzi mbali zonse wa mtengo wolimba wouma umalemera makilogalamu apakati pa 400 ndi 500, wa paini 300 ndi kanthu. Ndiye mukufunika milu itatu kapena inayi ya wolimba, kapena isanu ya paini. Nambala ya 8 ija ndangopereka chitsanzo, musaitenge ngati yanu, banja lililonse liyeze lokha, ndipo ngati mumaothanso moto muyeze sabata ina m'nyengo yozizira.

Mukafika nazo pakhomo waziranitu, mtengo wauwisi suvuta nkhwangwa ngati wouma, komanso khungwa limasunga madzi. Sanjani pamwamba pa mitengo iwiri kapena njerwa kuti zisakhudze dothi, patali pang'ono ndi khoma, podutsa mphepo. Fundikani pamwamba pokha ndi lata lakale, m'mbali musiye poyera. Zowazidwa mopyapyala zimauma m'miyezi ingapo ya dzuwa, zipika zazikulu za mtengo wolimba zikhoza kutha chaka kapena kuposerapo, makamaka kumalo ozizira. Za mawa muzilowetsa lero zigone pafupi ndi moto, osati pamoto. Matabwa opaka penti ndi mapolo othiridwa mankhwala oteteza ku chiswe musasonkhere ngakhale akupatseni ulere, ena mwa mankhwalawo ali ndi poizoni amene amatuluka mu utsi ndi kutsalira m'phulusa.